Kamera Imodzi, Ntchito Ziwiri: Kajambulidwe ka Zithunzi ndi Vidiyo pa Ukwati

Komiti ya ukwati ikamakupatsani ntchito masiku ano, siifunsa ngati ndinu wa zithunzi kapena wa vidiyo. Imafuna zonse ziwiri pa mtengo umodzi, pamene inu muli ndi kamera imodzi ndi manja awiri basi. Kamerayo siikana ntchito. Kuyambira mu 2008, pamene Nikon D90 ndi Canon 5D Mark II zinatuluka, makamera akuluakulu a zithunzi osintha malenzi, otchedwa DSLR, akhala akujambulanso vidiyo, ndipo ngakhale yogwirapo kale ntchito imene munaitanitsa ku Joni ikhoza kutulutsa zinthu zoti eni ukwati n'kuomba m'manja. Povuta ndi apa: zithunzi ndi vidiyo zimafuna katcheredwe kosiyana, ndipo mphete ikamalowa pachala simungajambule zonse ziwiri pa sekondi imodzimodziyo. Ntchito yaikulu ndiye ndi kusankhiratu, tsiku lisanafike, kuti mphindi iti ndi ya chiyani.

1. Kutatsala sabata, gawani tsikulo papepala

Pemphani pulogalamu kwa wapampando wa komiti, ngakhale ikhale yolemba pamanja. Pa chochitika chilichonse lembanipo V (vidiyo) kapena Z (zithunzi). Chimene chili ndi mawu kapena kuyenda ndi cha vidiyo: kulowa kwa mkwatibwi, malumbiro, kwaya, mawu a ankhoswe, gule wa operekeza akwati. Chimene anthu adzafune kuchipachika pakhoma ndi cha zithunzi: akwati awiriwo, makolo a mbali zonse, kusaina mtchatho, keke isanadulidwe.

Pitani kutchalitchi ndi kuholo pa ola lomwelo limene mwambo udzachitike, muone mazenera ali kuti ndipo dzuwa likulowera mbali iti. Kaonaneni ndi abusa kapena bambo mfumu. Ena salola flash, ena salola munthu kuponda kuguwa, ndipo ndi bwino kumva zimenezi pa Lachitatu kusiyana ndi kudzudzulidwa pa maiki Loweruka mpingo wonse ukumva. Funsaninso akwatiwo kuti ndi ndani amene sayenera kusowa pa zithunzi. Agogo amene abwera kuchokera kumudzi sadzadzikankhira kutsogolo kwa kamera, muyenera kuwadziwiratu.

2. Usiku wake, tcherani kamera

Yambani ndi chinthu chimene ambiri sachiganizira. Magetsi a kuno kwathu, monganso a ku Zambia, Mozambique, South Africa ndi Britain, ndi a 50Hz, ndipo mababu ambiri, makamaka a machubu aja ndi ma LED otchipa, amaphethira maulendo 100 pa sekondi. Maso saona, koma kamera imaona. Kamera yochokera ku America imabwera itatcheredwa pa NTSC, kutanthauza mafulemu (zithunzi zotsatizana zimene zimapanga vidiyo) 30 kapena 60 pa sekondi, zogwirizana ndi magetsi a 60Hz a kumeneko. Mukajambula nayo choncho m'holo ya kuno, vidiyo imatuluka ikuthwanima kapena ili ndi mizere yakuda yoyenda. Lowani mu menu, pezani pamene alemba video system, musankhe PAL. Kenako ikani mafulemu 25 pa sekondi ndi shutter (nthawi imene kuwala kumaloledwa kulowa) ya 1/50 ya sekondi. Mukafuna zoti mudzazichedwetse pokonza, ikani mafulemu 50 ndi shutter ya 1/100. Makamera ena amafuna kufomata khadi, kutanthauza kufufuta zonse zili pamenepo, mukasintha zimenezi, n'chifukwa chake ndi ntchito ya usiku, osati ya pakhomo pa tchalitchi.

Pa nkhani ya 4K, vidiyo yooneka bwino kwambiri kuposa ya 1080p, maganizo anga ndi akuti munthu amene ali yekha ajambule tsiku lonse pa 1080p, 4K aisungire malumbiro ndi mphete. Masamu ake ndi osavuta: 4K ya 100Mbps imadya pafupifupi 45GB pa ola, choncho khadi la 64GB silifikitsa ola limodzi ndi theka. Imatenthetsanso kamera, ndipo laputopu yofooka imalephera kuisewera. Eni ake ambiri adzaonera pafoni ndi pa TV ya pabalaza.

Memori khadi likhale lolembedwa V30 kapena U3. Makhadi abodza ndi ambiri pamsika. Amaoneka ngati enieni, amalemba 128GB pamwamba, koma akafika penapake amayamba kuwononga mafayilo osakuchenjezani. Khadi latsopano lililonse liyeseni: jambulani nalo mpaka lidzadze, muonere mafayilo oyamba ndi omaliza pa kompyuta. Makhadi angapo apakatikati ndi abwino kuposa limodzi lalikulu, chifukwa likafa limodzi simutaya tsiku lonse. Afomateni mu kamera momwemo, osati pa kompyuta.

Mabatire atatu ndiye ochepetsetsa, poti vidiyo imamwa moto mofulumira kuposa zithunzi. Atchajeni kudakali masiku awiri, musadalire kuti usiku womaliza magetsi adzakhalapo. Ngati kamera yanu imalandira moto pa USB, nyamulani power bank.

Dziwaninso ngati kamera yanu imadula yokha pa mphindi 29 ndi masekondi 59. Ma DSLR ambiri ndi ma mirrorless (makamera osintha malenzi opanda galasi mkati) akale amatero. Sikuti yawonongeka. Opanga anachita dala pothawa msonkho umene ku Ulaya ankalipiritsa pa makamera a vidiyo ojambula mphindi 30 kapena kuposa. Zatsopano zambiri zilibe malire amenewa, koma ngati yanu ili nawo muyenera kumayang'ana wotchi.

Chomaliza pa usikuwo, chomwe chimapulumutsa munthu wa kamera imodzi, ndi kusunga katcheredwe kawiri. Pa Canon ndi C1 ndi C2, pa Nikon ndi U1 ndi U2, pa Sony ndi manambala 1 ndi 2 pa gudumu la pamwamba lija. Pamodzi sungani za vidiyo, penapo za zithunzi, kuti kusintha kukhale kungotembenuza gudumu kamodzi. Ngati kamera yanu ilibe zimenezi, lembani manambalawo pa kachidutswa ka tepi mumate pa kamera. Osagwiritsa ntchito log, katcheredwe kotulutsa mitundu yotuwa yoti idzakonzedwe pambuyo, ngati simunaphunzire kukonza mitundu pa kompyuta. Standard kapena Neutral ndi yokwanira.

3. Kuwala: diresi loyera, suti yakuda, khungu lakuda

Zinthu zitatu ndizo zimalamula kuwala kwa chithunzi. Shutter ndi nthawi imene kuwala kumaloledwa kulowa. Aperture ndi kukula kwa bowo la mu lenzi, ndipo nambala yake ikachepa bowolo limakula, kumbuyo kwa munthu n'kumaoneka mwachizimezime. ISO ndi mmene kamera ikukwezera kuwala kochepa komwe yalandira, ndipo ikakwera kwambiri chithunzi chimachita timadontho.

Pa zithunzi muli ndi ufulu pa zonse zitatu. Anthu oima kapena oyenda pang'onopang'ono amafuna shutter yosachepera 1/200, ovina amafuna 1/500. Munthu mmodzi kapena awiri, f/2 kapena f/2.8. Gulu la mizere iwiri kapena itatu, f/5.6 mpaka f/8, apo ayi a kumbuyo sadzaoneka bwino. Jambulani RAW, fayilo yaikulu yokonzeka bwino pa kompyuta, pamodzi ndi JPEG ngati khadi likulola. Pa vidiyo shutter yamangidwa pa 1/50, ndiye mwatsala ndi aperture ndi ISO zokha. Apa ndi pamene anthu amasokonezeka: amachoka pa zithunzi n'kuyamba vidiyo shutter ikadali pa 1/500, ndipo anthu amaoneka akuyenda modukizadukiza, kapena amachoka pa vidiyo n'kujambula zithunzi pa 1/50, manja ndi nkhope n'kutuluka zosagwirika.

Tsopano vuto lenileni la maukwati athu. Kamera poyeza kuwala imayesetsa kuti zonse zimene ikuona zifike pakatikati, osati zoyera kwambiri kapena zakuda kwambiri. Diresi loyera ndi velo zikadzadza chithunzi, iyo imaganiza kuti kwawala mopitirira, imachepetsa kuwala, ndipo nkhope ya mkwatibwi imada mpaka kungotsala maso ndi mano. Ikaona masuti akuda a operekeza mkwati imachita zosiyana, imawalitsa, diresi lija n'kupsa osaonekanso maluwa ake. Mankhwala ake ndi kuika kamera pa M ndi kuyezera pa nkhope. Walitsani mpaka khungu lioneke mtundu wake weniweni, kenako yang'anani diresi. Yatsani chenjezo la malo opsa, pa makamera ena amati zebra, pa ena highlight alert. Ngati tikuphethira ndi timalo tochepa pa phewa kapena pa velo, zisiyeni. Ngati diresi lonse likuphethira, tsitsani pang'ono, nkhopeyo mudzaikweza pokonza, ndipo apa ndi pamene RAW imakuthandizani. Osadalira sikirini yokha mukakhala panja, dzuwa limanamiza. Phunzirani kuyang'ana histogram, kagirafu koonetsa kuchuluka kwa mdima ndi kuwala m'chithunzi.

Munthu wakuda sajambulidwa bwino pomuyeretsa pa kompyuta. Amajambulidwa bwino pomuika pamene kuwala kofewa kukumugwera kunkhope kuchokera cham'mbali, monga pafupi ndi zenera kapena pakhonde. Khungu lathu limanyezimira bwino likalandira kuwala kotere. Zenera likakhala kumbuyo kwake, amasanduka chithunzithunzi chakuda, ndiye sunthani inuyo kuti zeneralo likhale kumbuyo kwanu kapena pambali.

White balance, yomwe imatchera mitundu kuti choyera chioneke choyera, pa vidiyo isakhale pa auto, chifukwa mayi wa chilundu chofiira akangodutsa, mitundu yonse imasintha pakati pa kujambula. Panja masana ikani cha m'ma 5500K, pansi pa mababu achikasu cha m'ma 3200K. M'holo yosakaniza kuwala kwa mazenera ndi mababu, yesani manambala apakati mukuyang'ana diresi, liyere popanda kubiriwira kapena kufiirira.

Ngati muli ndi lenzi yobwera ndi kamera ija ya 18-55mm, dziwani kuti imada mukamakoka, kuchoka pa f/3.5 kufika pa f/5.6. M'tchalitchi chamdima zimenezi zimaoneka. Lenzi ya 50mm f/1.8 ndi yotsika mtengo ndipo imalowetsa kuwala kochuluka zedi, kungoti pa makamera a sensa yaing'ono imaona ngati 75mm kapena 80mm, ndiye imafuna muime patali, ndipo siikwanira gulu m'chipinda chopanikizika.

4. Mawu

Anthu amapirira vidiyo yakuda pang'ono, koma yosamveka saimaliza. Munthu akandifunsa kuti agule chiyani choyamba pakati pa gimbal (chogwirira kamera kuti isagwedere) ndi maiki, yankho ndi maiki nthawi zonse. Maiki ya mu kamera imagwira chimene chili pafupi nayo: kupuma kwanu, lenzi ikamafufuza focus, mwana akulira pabenchi ya kumbuyo. Malumbiro amanenedwa motsitsa, nthawi zina mawu akunjenjemera, mamita asanu kapena khumi kuchokera pamene mwaima.

Njira yotchipa ndi kamaiki kakang'ono kopanira pa kolala. Kapanireni mkwati pa jekete, cha pachifuwa, waya mubise mkati, kumapeto kwake mulumikize ku rekoda yaing'ono kapena ku foni imene mwaiika m'thumba la mkati. Foniyo ikhale pa airplane mode, apo ayi wina akaimba kujambula kumaduka. Maiki imodziyi imagwira mkwati, mkwatibwi ndi abusa, popeza onse aima pamodzi. Yatsani asanalowe, muisiye iziyenda mpaka mwambo utathe. Ndipo mukumbutseni mkwatiyo kuti zonse zimene akunong'oneza mnzake zikujambulidwa.

Njira yachiwiri ndi kutenga mawu ku mixer ya zokuzira mawu. Lankhulani bwino ndi DJ kapena mnyamata wa zida za mpingo kusanadzaze, mukhale ndi mawaya anuanu a mitundu ingapo, chifukwa iye sadzakhala ndi wapadera. Samalani: mawu otuluka mu mixer ndi amphamvu kwambiri kuposa a maiki, ndipo mukawalowetsa molunjika pa bowo la maiki la kamera amasweka. Alowetseni mu rekoda, monga ya Zoom kapena Tascam, pa bowo lolembedwa line, lolandira mawu amphamvuwa, kapena mutsitse kwambiri. Tcherani pamanja kuti munthu akamalankhula mwamphamvu mita izifika cha pa -12dB. Siyani mpata, chifukwa MC amayamba mofatsa koma perekaniperekani akatentha amakuwa. Mawu otsika mukhoza kuwakweza pokonza, osweka alibe mankhwala.

Valani mahedifoni mumve zimene zikulowa, osangoyang'ana mita. Maiki ya pa kamera isazimitsidwe ngakhale muli ndi rekoda, chifukwa mawu ake ndi amene mudzalumikizire ena aja pa kompyuta. Mukayatsa zonse, ombani m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera, pamenepo ndi polumikizira. Panja, maiki ivale kaubweya kake kotchinga mphepo. Ndipo musaime pafupi ndi sipika.

5. M'tchalitchi

Fikani ola limodzi mwambo usanayambe. Jambulani zithunzi za maluwa, mphete, khomo, ndi tizidutswa ta vidiyo ta anthu akufika. Imikani tripod cham'mbali kutsogolo, mbali imene mukuona nkhope ya mkwatibwi. Ngati muli ndi foni yabwino yachiwiri, iimikeni kumbuyo pa tripod yaing'ono izijambula tchalitchi chonse osaima, pa mafulemu 25 ngati ikulola. Imeneyo ndiyo idzatseke mipata pamene kamera yaikulu inali pa zithunzi.

Mkwatibwi akamalowa, jambulani vidiyo, focus ikhale yotsatira nkhope. Ma DSLR akale amavutika kutsatira munthu pa vidiyo, lenzi imangopita uku ndi uku. Ngati yanu ndi yotero, ikani focus pamanja pa malo amodzi a m'njiramo, aperture f/4 kapena f/5.6, mumulole alowe m'malowo yekha.

Ulaliki ndi nthawi yanu ya zithunzi. Rekoda ikugwira mawu, foni ikugwira chithunzi chachikulu, ndiye chotsani kamera pa tripod mujambule makolo, ankhoswe, kwaya, manja a akwati. Tengani vidiyo ya abusa mphindi zingapo pachiyambi ndi pamene akumaliza. Kuti musamasokoneze ndi phokoso, makamera atsopano ali ndi silent shutter, koma iyeseni kaye, chifukwa pansi pa mababu ophethira aja imatulutsa mizere pa chithunzi.

Mukaona kuti ulaliki ukutha, bwererani pa tripod, onani batire, onani malo otsala pa khadi, muyambitse fayilo yatsopano. Malumbiro ndi mphete ndi za vidiyo, osadula, osakoka lenzi, osasuntha. Nanga zithunzi za mphetezo? Pali njira ziwiri. Fulemu imodzi ya 4K ili ndi ma megapixel pafupifupi 8, okwanira kutsukitsa chithunzi cha mu alubamu, pamene ya 1080p ili ndi 2 okha. Ngati mukufuna kudzadula zithunzi mu vidiyoyo, kwezani shutter kufika 1/100 kuti manja asatuluke mwachizimezime. Njira ina ndi kupempha akwatiwo, mwambo ukatha, kuti avekanenso mphete pamalo pomwepo. Zimatenga mphindi ziwiri, mumajambula chapafupi mmene mukufunira, ndipo palibe amene adzadziwe.

Kusaina mtchatho kumachedwa mokwanira kuti muchite zonse: masekondi khumi a vidiyo, tembenuzani gudumu, zithunzi zitatu, kwa wosaina aliyense.

6. Panja, dzuwa lili paliwombo

Maukwati ambiri amatuluka m'tchalitchi cha m'ma 11 kapena 12 koloko, nthawi yoipitsitsa pa kujambula. Dzuwa la pamutu limaika mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, anthu amatsinzina, thukuta limanyezimira pamphumi. Pezani mthunzi wathunthu, wa khoma la tchalitchi kapena wa mtengo wa masamba othithikana. Mthunzi wa timabangamabanga umaika zigamba pankhope. Kumbuyo kwa gululo kusakhale kowala kwambiri kuposa iwo. Popanda mthunzi, aimikeni dzuwa lili kumbuyo kwawo, muyatse flash kuti idzaze kuwala kunkhope, podziwa kuti makamera ambiri salola shutter yopitirira 1/200 kapena 1/250 flash ikayaka.

Vidiyo panja imafuna fyuluta ya ND, galasi lakuda lomangira kutsogolo kwa lenzi. Chifukwa chake ndi ichi: dzuwa likaomba bwino, pa ISO 100 ndi shutter ya 1/50, mumafunika f/22 kuti chithunzi chisapse, ndipo pa f/22 kafumbi kalikonse ka pa sensa kamaoneka. ND64 imakutsitsani kuchoka pa f/22 kufika pa f/2.8. Yosinthika potembenuza ndi yabwino kwa munthu wothamanga, koma musaitembenuze mpaka kumapeto, imaika mtanda wakuda pakati. Gulani yolingana ndi kukula kwa lenzi yanu, nambala yake yalembedwa kutsogolo kwa lenziyo kapena kuseri kwa chivindikiro. Mulibe ND? Kwezani shutter basi. Panja palibe mababu ophethira, ndipo vidiyo yodukiza pang'ono ndi yabwino kuposa yopsa. Mukamalowanso m'nyumba, kumbukirani kuchotsa ND ija.

Zithunzi za magulu zimatha nthawi ngati palibe wozitsogolera. Pemphani wachibale mmodzi wa mawu amphamvu, wodziwa mbali zonse, aziitana magulu potsata ndandanda. Yambani ndi okalamba kuti akakhale pansi, mumalize ndi anzawo a kuntchito. Gulu lililonse lijambuleni katatu kapena kanayi, nthawi zonse pamakhala wina wophethira. Padzakhalanso anthu khumi a mafoni kumbuyo kwanu, ndipo maso a gululo adzabalalika. Apatseni mphindi yawo mukamaliza, koma nenani mokweza ndi mwaulemu kuti poyamba onse ayang'ane kuno.

M'miyezi ya fumbi, kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, musasinthe lenzi pabwalo. Lowani m'galimoto kapena m'chipinda, zimitsani kamera, iyang'anitseni pansi, musinthe mwachangu. Ngati mungathe kuwaba akwatiwo kwa mphindi 15 cha m'ma 5 koloko madzulo, chitani, chifukwa zithunzi zawo zabwino koposa zimatuluka nthawi imeneyo. Musachedwe nazo, kuno dzuwa likangolowa mdima sumachedwa.

7. Kuholo ndi perekaniperekani

Kulowa kwa operekeza ndi akwati ndi kwa vidiyo. Imani kumapeto kwa njira, muwalole abwere kwa inu. Ngati mulibe gimbal, kolekani lamba wa kamera m'khosi, kankhirani kamera kutsogolo mpaka lambayo akungike, zigongono zigunde nthiti, mawondo apindike pang'ono. Pamenepa mafulemu 50 amathandiza, chifukwa mukadzachedwetsa, kugwedera kumachepa ndipo masitepe amaoneka bwino.

Perekaniperekani amatenga maola, ndipo simungajambule yense, komanso simungadumphe gulu. Akuchikazi, akuchimuna, a mpingo, a kuntchito, anzake a mayi a mkwatibwi atavala nsalu yofanana, aliyense adzadzifufuza mu vidiyo. Gulu likaitanidwa, tengani zidutswa zitatu. Choyamba chapatali, gulu lonse likubwera likuvina. Chachiwiri chapakati, nkhope za anthu atatu kapena anayi. Chachitatu chapafupi kwambiri: dzanja likusolola ma K1,000 amodziamodzi, ndalama zikugwera mu lichero, nsapato zikuponda zina pansi, zala za makashiya zikuwongola ndalama zopindika pa tebulo la pambali. Chidutswa chilichonse chikhale cha masekondi osachepera 10, kamera ili chiimire. Werengani mumtima, chifukwa dzanja limafuna kudula pa masekondi atatu, ndipo pokonza mudzasowa pogwira. Osakokakoka lenzi uku mukujambula. Mukafuna chapafupi, dulani, yendani, yambaninso. Zikatha zitatuzo, tembenuzani gudumu mutenge zithunzi gululo lisanabalalike.

Zolankhula, kudula keke ndi kudyetsana, bwererani pa tripod. Funsani MC kuti azikukodolani chinthu chachikulu chisanayambe. MC amene mwagwirizana naye amakuchedwetserani ngakhale mpeni wa keke mpaka mutakonzeka.

Flash yowombera padenga imagwira ntchito denga likakhala loyera ndi lotsika. Maholo ambiri ndi a malata aatali, kapena akutidwa ndi nsalu za mitundu ya ukwatiwo, ndipo nsalu yapinki imabweza kuwala kwapinki pankhope za anthu. Zikatero mangirani kakhadi koyera kumbuyo kwa flash, mutsitse mphamvu yake, mukweze ISO kufika 1600 kapena 3200 kuti kumbuyo kusade bii. Pa vidiyo, nyali yaing'ono ya LED ya batire imakwanira, koma musaiwalitse m'maso mwa akuluakulu chapafupi. Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, yang'anani sikirini mosamala. Jenereta siyenda ndendende pa 50Hz nthawi zonse, ndipo mizere ija ikhoza kubwera ngakhale pa 1/50. Sinthani shutter pang'onopang'ono mpaka ichepe.

M'holo yodzadza mu Okutobala kamera imatentha mpaka kuzima yokha. Tsegulani sikirini italikirane ndi thupi la kamera, muzizimitsa pakati pa magulu, ndipo musaisiye padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Sinthani batire ikatsala ndi mzere umodzi, pa nthawi imene mwasankha inu. Khadi lodzadza likhale m'thumba la zovala zanu, osati m'chikwama chimene mwasiya pansi pa tebulo la DJ.

8. Mukafika kunyumba

Musanagone, koperani zonse pa malo awiri, laputopu ndi hard drive yapadera. Tsegulani mafayilo angapo muone ngati akusewera. Makhadi musawafomate mpaka ntchito mutaipereka.

Pa zithunzi, sankhani kaye musanakonze chilichonse. Chotsani zophethira, zotafuna, zobwereza. Konzani chimodzi pa malo aliwonse, katcheredwe kake mukopere ku zinzake. Tumizani zithunzi 20 kapena 30 zabwino mawa lake, chifukwa ndi pamene akwati akuzifuna kwambiri. WhatsApp imafinya zithunzi, choncho zitumizeni ngati document.

Pa mapulogalamu okonzera vidiyo, DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere koma imafuna kompyuta yamphamvu, CapCut imayenda pa makina ofooka ngakhale pafoni. Pulojekiti ikhale pa mafulemu 25. Yambani ndi kulumikiza mawu a rekoda, kenako muyale zidutswa za vidiyo pamwamba pake. Konzani ziwiri: yaifupi ya mphindi zitatu mpaka zisanu yoti aike pa intaneti, ndi yaitali ya mwambo wonse, imene makolo adzaonere pabalaza osadumpha. Nyimbo za oimba zimene mwaika pamwamba zikhoza kuchititsa kuti Facebook kapena YouTube itseke mawu a vidiyoyo, ndiye gwiritsani ntchito kwaya ya tsikulo kapena nyimbo zololedwa. Tulutsani MP4 ya H.264 pa 1080p, yomwe imasewera pafupifupi pa TV iliyonse ya USB. Ma TV ena akale amangowerenga flash disk ya FAT32, yomwe siilandira fayilo yoposa 4GB, choncho vidiyo yaitali igaweni pawiri, ya kutchalitchi ndi ya kuholo, muiyese pa TV musanakapereke.

Musanaike chilichonse pa tsamba lanu potsatsa malonda, pemphani chilolezo kwa akwatiwo, ndipo muwalole ayambe ndi iwo kuika. Auzeninso, polemba pa risiti, kuti mafayilo awo muwasunga kwa miyezi ingati musanawafufute.